Uvule Nsapato Usanawoloke

Chilomoni, Lachinayi masana

Wokondedwa Mwandida,

Ndikulengeza kwa iwe, kwa amayi ako, ndi kwa makoswe onse okhala kudenga kwa nyumba ino, kuti boma la pakhomo pano, litakambirana mozama ndi mbali yotsutsa, imene ndi amayi ako, lagamula kuti sutikesi yabulauni ija ndinapita nayo ku yunivesite itsike pamwamba pa wodilopu, ipukutidwe fumbi, ndipo iperekedwe m'manja mwako. Chigamulochi chilibe apilo. Loko wake wakumanzere ananyanyala ntchito nthawi ya chipani chimodzi ndipo ngakhale matipate anabwera iye sanabwerere, choncho uzimanga ndi lamba. Lambayo ndapereka ine, kuchokera m'chiuno mwanga, monga mphatso yochokera ku mtundu wonse.

Amayi ako ali kuseri akukazinga nkhuku ya kamba wa paulendo, iwe wapita ku Zingwangwa kukatsanzikana ndi anzako. Ndati ndilembe, chifukwa ndikayamba kulankhula pamaso pako umayamba kuseka, ine n'kuyambanso kuseka, malangizo n'kuthera pomwepo.

Mawa ukwera basi pa Wenela kupita ku Lilongwe, kumene bungwe lakulemba ntchito lija likakuphunzitse kuyendetsa galimoto zazikulu za fobaifo, zoyenda popanda msewu, lisanakutumize kumapiri ndi mankhwala ndi katemera wa ana. Lamlungu ndinakumva ukuuza amayi ako kuti, "Maphunziro enanso a chiyani? Laisensi ndili nayo. Munthu woyendetsa mu Limbe kumapeto kwa mwezi angaope phiri?" Unkayesa kuti ndili m'tulo pampando. Nyuzipepala inali kumaso, koma makutu anali pa ntchito. Kalata ino ndi yankho langa. Ukudziwa kuti amalume ako aku Bangwe anaikana ntchitoyi, ndipo ine ndinavomera. Chimene sukudziwa n'chakuti ndinavomera pa chifukwa chimodzi chokha, ndicho maphunziro ukuwapeputsawo.

Ndisanakukalipire, undilole ndinyade kaye. Tsiku lija a bungwelo anakutula pakhomo pano ndi galimoto yoyera ya mlongoti wautali ija, mzere wonse unatuluka kudzasesa pabwalo, ngakhale amene anali atasesa kale. Madzulo ake Mayi Nasimango, aneba athu, anasuzumira pampanda n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndiye sukulu yonse ija ya zaumoyo, mwana wamkazi akakhale dalaivala?"

Ndinati, "Mayi, akakhala wazaumoyo wodziyendetsa yekha. Odwala akudikira kuseri kwa phiri, ndipo dipuloma ilibe matayala."

Iwo anati, "Nanga thalauza lija?"

Ndinati, "Thalauzalo tinalivotera pa riferendamu, mayi. Inunso munali pa mzere, ndinakuonani."

Analowa m'nyumba akuseka, koma m'mawa mwake anatumiza mandimu. Kwa Mayi Nasimango mandimu ndiye mendulo. Ine ndinayenda kupita kumsika ngati ndameza ndodo, chifuwa patsogolo. Ndinafika mpaka pogula tomato osanenerera.

Tsopano tamvera za bambo ako, amene ankadziwa zonse.

Nthawi imene ndinali woyendera masukulu, usanayambe n'komwe sitandade wani, anatituma chakumunsi kwa phiri la Mulanje m'nyengo ya mvula. Dalaivala wa ofesi anagwidwa ndi malungo, ndipo ine, mwini digiri ndi laisensi ya kagalimoto kakang'ono ka m'tauni, ndinati ulendo sungafe chifukwa cha udzudzu. Ndinatenga makiyi. Tinayenda bwino mpaka pa dambo lina pamene msewu unasanduka phala. Galimoto inatitimira. Anthu a m'mudzi anabwera kuti akankhe, ine n'kutulutsa mutu pawindo n'kuwaletsa. Ndinawafotokozera, ndi chala m'mwamba, kuti galimoto iyi si yofuna kukankha, ili ndi kagiya kachiwiri kamene kakakokedwa matayala onse anayi amagwira ntchito. Ndinati aime pambali aone sayansi. Ndinakoka kagiyako, n'kuponda mafuta. Matayala akumbuyo anazungulira, anafukula, anamwaza matope pa aliyense amene anabwera kudzaona sayansi, ndipo galimoto inakhala pansi ndi mimba ngati nkhumba yokhuta. Akutsogolo anangoti phee, osagwedezeka.

Dzuwa litapendeka panafika sisitere wina wa ku mishoni pa galimoto yonga yomweyo. Anatsika, anagwada m'matope ndi mkanjo wake woyera, anapotokola kachitsulo kozungulira kali pakati pa tayala lakutsogolo, n'kupita mbali ina kukachitanso chimodzimodzi. Anati, "Bambo, popanda kutseka mahabu awa, giya mwakokayo ikulamula anthu amene sakukumvani." Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji. Anati, "Anatiphunzitsa tisanapatsidwe galimoto." Basi. Sanali wanzeru kuposa ine, kapena mwina anali, sindinamupatse mayeso. Koma iye wina anamuonetsa, ine ayi. Ukafika ku Lilongwe, mwana wanga, chilichonse akuonetse, ugwire ndi manja ako, ubwerezenso, mpaka zala zizidziwa zokha mutu ukasokonezeka. Ndipo galimoto ikatitimira, uchotse phazi pa mafuta. Kuponda kwambiri n'kudzikumbira dzenje ndi dizilo wa bungwe. Utsike, utenge fosholo, uyale nthambi ndi miyala.

Uyesa kuti ndinaphunzirapo. Anthu ophunzira sitiphunzira msanga chotero.

Chaka chotsatira ndinali ku Chigwa cha Shire, ndikuyendetsanso ndekha, ndi mabokosi a mabuku opita ku masukulu a kutsidya kwa mtsinje wina wopanda mlatho. Tsopano mahabu ndinali kuwadziwa, ndipo ndinkawatchula pa mowa uliwonse. Nditafika pa mtsinje ndinaona mikwasa ya matayala ikulowa m'madzi, n'kuionanso ikutuluka tsidya linalo. Ndinagwiritsa ntchito maphunziro anga a kuganiza mwadongosolo: galimoto inalowa, galimoto inatuluka, choncho galimoto imawoloka. Mtima wina unandinong'oneza kuti nditsike ndiyende m'madzimo kaye ndi ndodo. Koma ndinali nditavala nsapato zachikopa zatsopano zogula ku Limbe, ndi sokosi zoyera, ndipo kutsidya kunali amayi ochapa ndi abambo a njinga, onse maso pa bwana wa boma. Bwana avule nsapato, apinde thalauza, anthu aone miyendo yake yonga ya kakowa? Ndinalowa ndi galimoto.

Mikwasa ija inali ya dzulo lake. Usiku mvula inagwa kumapiri, madzi n'kukokolola mchenga wapakati, n'kusiya dzenje. Mphuno ya galimoto inamira, injini inamwa madzi, inatsokomola, n'kufa. Madzi analowa pansi pa zitseko mwaulemu, osagogoda. Ndinatulukira pawindo, ndipo anthu aja ndinkawaopa anaona miyendo, anaona ndi zina zimene sanapemphe kuona. Anatikoka ndi ng'ombe za ngolo. Mabuku tinawayanika pa miyala ngati usipa, koma ambiri anamatana, ndipo ana a kutsidya kuja anatha chaka akuwerengera limodzi buku limene linapulumuka. Nsapato imodzi inapita ku Mozambiki popanda pasipoti.

Ndiye mvetsa, Mwandida. Ukafika pa mtsinje, ima. Uvule nsapato. Utenge ndodo, uyende pamene matayala adzadutse, mbali iyi ndi mbali inayo. Madzi akamakukankha iwe, adzaikankhanso galimoto, ndipo galimoto sidziwa kusambira. Ngati pali ng'ona kapena madzi ali ofiira othamanga, usalowe n'komwe, ukhale pamtunda udikire. Mtsinje wa m'mapiri umakwiya msanga n'kuphwanso msanga, ngati amayi ako. Anthu adzakuyang'ana, adzaseka, wina adzati, "Taonani dona akusamba." Asiye aseke. Uvule nsapato.

Nkhani ziwirizi ndimazikamba pa maukwati anthu n'kumagwa ndi phwete. Yachitatu sindiikamba paliponse, ndipo ukuidziwa mbali imodzi yokha, chifukwa nthawiyo unali ku koleji ndipo tinangokuitana ku maliro.

Msuweni wako Laisoni, mwana wa amalume ako, anali dalaivala wabwino. Ndikunena izi mosaseka. Anayamba ngati kondakitala pa minibasi za Bangwe, anaphunzira chiwongolero poyang'ana, anatenga laisensi, ndipo ankalowetsa minibasi pampata pamene iwe sungalowetse wilibala. Itayandikira nthawi ya chisankho, bambo wina wofuna uphungu anamulemba kuti aziyendetsa fobaifo yake ya kampeni. Tonse tinakondwa. Palibe anafunsa ngati mnyamatayo anatsikapo phiri la dothi ndi galimoto yolemera chotero. Laisensi anali nayo, ngati iwe.

Pali chizolowezi cha madalaivala a m'tauni muno chimene amanyadira. Akafika pa mtsetse amachotsa giya, galimoto n'kumatsika yokha, amati ili pa fuli, kuti apulumutse mafuta. Ena amazimitsa ndi injini yomwe. Pa tara wa pakati pa Bangwe ndi Limbe amachita zimenezi tsiku ndi tsiku, n'kufika bwinobwino, ndipo mwini galimoto amawayamikira. Laisoni anachita chimene manja ake anazolowera. Anali kutsika phiri lina chakumadzulo, msewu wa dothi wokhotakhota, kumbuyo kutadzaza amayi ovina, pamwamba atasanjika matumba ndi zokuzira mawu. Anachotsa giya. Galimoto yolemera yotero inatsala m'manja mwa mabuleki okha. Mabuleki anatentha, analeka kugwira, ndipo atafuna kubwezera giya, inakana kulowa. Amene anapulumuka amati anakuwa kuti aliyense agwiritse, n'kuikhotetsera kukhoma la phiri kuti isapite kuphompho. Amayi aja anathyoka manja ndi nthiti, koma ali moyo. Mbali imene inagunda khoma inali yake.

Bambo uja anapambana chisankho. Anatumiza bokosi labwino ndithu, la zogwirira zonyezimira, ndi uthenga wakuti watanganidwa ndi chitukuko.

Pambuyo pake ndinafunsa kwa odziwa za galimoto zotere, ndipo anandiuza kuti potsika phiri umaika kagiya kakang'ono kaja pa mphamvu, giya yaikulu pa wani, phazi kutali ndi kilachi, injini n'kumaigwira galimoto kuti izitsika ngati nkhalamba ya ndodo. Anati ndi phunziro loyambirira, amaliphunzitsa m'mawa umodzi tiyi asanafike. M'mawa umodzi, Mwandida. Laisoni palibe anamupatsa m'mawa umenewo. Iwe akukupatsa masabata, ndi malo ogona, ndi chakudya, ndipo ukuti a chiyani.

Ine sindine mphunzitsi wa zimenezi, waona kale mbiri yanga. Aphunzitsi enieni ukawapeza kumeneko. Changa n'kukupempha kuti ukakhale kutsogolo, ngati mmene unkakhalira ku sekondale. M'kalasimo mudzadzaza amuna amene ayendetsa malole kuyambira iwe uli kumsana. Adzakhala kumbuyo atapinda manja, nkhope zikunena kuti tinazidziwa kale izi. Adzakutcha achemwali, adzafuna kukusinthira tayala kuti usathyole zikhadabo. Uwathokoze, usinthe wekha. Kumapiri kumene ukupita iwo sadzakhalako. Ufunse mafunso mpaka mphunzitsi atope nawe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma safunsa wa m'banja mwanu anamwetsa injini ya boma madzi a mtsinje. Akati zala zazikulu zisalowe mkati mwa chiwongolero, pali chifukwa: tayala likagunda chitsa chiwongolero chimabwerera n'kuthyola chala. Akati phwetsani matayala pang'ono pa mchenga, usatsutse poti sizikumveka. Akati pokoka galimoto ndi chingwe anthu onse atalikire, uwathamangitse ngakhale akhale mafumu, chifukwa chingwe chikaduka sichisankha mwendo.

Ndipo lamba. Umange lamba ngakhale ulendo wa pa chipatala kupita pa chitsime. Ndikudziwa kuti m'dziko muno womanga lamba amaoneka ngati akunyoza dalaivala. Dalaivala ndiwe, dzinyoze.

Mtsinje ndi phiri sizindiopsa kwambiri ngati anthu amene udzawanyamule. Tsiku lina pambali pako padzakhala bwana wochokera ku likulu, wa tayi, amene ali ndi msonkhano mawa lake ndipo sakufuna kugona m'mudzi. Adzayang'ana wotchi, adzayang'ana mtsinje wodzaza, n'kunena kuti, "Tiyeni, mayi, galimoto izi anazipangira zomwezi." Ndikumudziwa bwino bwana ameneyu, ndinkameta ndevu zake m'mawa uliwonse. Umuyankhe mwaulemu wonse umene amayi ako anakuphunzitsa, kuti, "Bwana, tidikira." Akaumirira, umupatse ndodo ayambe ndiye kuwoloka wapansi. Demokalase imathera pa chitseko cha galimoto. Mkatimo muli chipani chimodzi, ndipo pulezidenti wake ndi amene wagwira chiwongolero.

Padzakhalanso a matola. Pa sitolo iliyonse adzakuimika, wina ndi thumba la chimanga, wina ndi mbuzi, wina ndi malata, onse akuti, "Pamwambapo pali malo, achemwali." Mtima wako ndimaudziwa, unatengera amayi ako, sukana munthu. Koma galimoto zimenezi n'zazitali kale. Ukasanjika katundu padenga, pa msewu wopendekeka imagona chammbali ngati woledzera. Wodwala umunyamule, mayi woyembekezera umunyamule, ndiyo ntchito yako. Malata adikire lole.

Tsopano za ku Bangwe. Unaona kuti tinabwerako osalankhula, ndipo sunafunse. Unachita bwino, koma sukuyenera kuchoka osadziwa.

Mwa mwambo wa kwa amayi ako, mwini mbumba ndi amalume ako. Ine ndine mkamwini chabe, tambala wobwereka, ngakhale ndakhala nawo zaka zonsezi. Ndipo alamu angawa si munthu woipa. Ndi amene anandiperekeza pokafunsira amayi ako, ndi amene anakunyamula kuchokera ku chipatala utabadwa ine ndili kumudzi kuyendera masukulu. Tinawapeza atakhala pakhonde, ndipo amayi ako atafotokoza za ntchito yako, alamuwo anapukusa mutu. Kenaka anati, "Galimoto zimenezo zinadya kale m'banja muno. Sizidyanso."

Ndinati, "Alamu, chinadya Laisoni si galimoto. Anamupatsa chilombo osamuuza pogwira. Uyu akukamuphunzitsa kaye."

Anati, "Mwana wanga sankadziwa kuyendetsa? Ndi zimene mwabwera kudzandiuza pakhomo panga?"

Ndinati, "Ankadziwa za tara, alamu."

Amayi ako anandiponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale. Alamu anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu aphunzitsi, chilichonse mumachiyesa mayeso, wina wakhoza, wina walephera. Chabwino. Mukundilonjeza kuti mwanayu adzabwera?"

Ine, bambo ako, amene ndimadziwa kuyankha aliyense ndi nthabwala, ndinasakasaka nthabwala osaipeza. Ndinati, "Ndikulonjeza. Adzabwera."

Anati, "Ndiye ndi wanu. Mwamuchotsa m'manja mwanga. Tsiku la ukwati wake musadzandifune unkhoswe, ndipo china chikadzachitika musadzatume munthu kuno. Ndinapita kale kamodzi kukatenga mwana kumapiri." Analowa m'nyumba. Tiyi amene akazi awo anatipangira anazizira pa tebulo.

Usawakwiyire. Amene akulankhulayo ndi bambo amene anazindikira mwana wake poona malaya. Ukafika uwalembere, ngakhale asayankhe, uwauze zimene waphunzira tsiku lililonse, za magiya, za mitsinje, zonse. Mwina adzang'amba. Mwina adzawerenga kaye asanang'ambe.

Ndimakunyadira, Mwandida, kuposa mmene ndinanyadira digiri yanga. Kuli mayi kwinakwake kuseri kwa phiri amene mwana wake adzabayidwa katemera chifukwa iwe unafika, ndipo sadzadziwa kuti unachokera ku Chilomoni, kunyumba ya mpanda wopendekeka. Ndikadafunsidwanso lero, ndikadavomeranso.

Koma ndisakunamize kuti zapita mwaulere. Amayi ako ali ndi mlongo mmodzi yekha, ndipo kuyambira tsiku lija sanapondeko ku Bangwe, iyenso sanabwere kuno. Sandinena, amangosiya kuimba akamachapa. Lamlungu lapitali ndinakwera minibasi ndekha kukapepesa. Ndinamva chifuwa cha alamu mkati, koma akazi awo anatuluka n'kundiuza, maso ali pansi, kuti achokapo. Ndinawathokoza n'kubwerera.

Ndipo lonjezo lija ndinalipereka ndilibe. Ndinauza munthu woferedwa kuti ndikudziwa kuti udzabwera, koma sindikudziwa, mwana wanga. Chimene ndikudziwa n'chakuti kuli anthu akukudikira ku Lilongwe kuti akuonetse pogwira. Ukamvetsere mawu awo onse. Ine kuno ndilibe china chogwira.

Ndine,
Bambo ako